Ulemu Wogonetsa Wamkulu ndi Njala

Lachiwiri lapitali ndinachita manyazi ku Oadby, kufupi ndi Leicester kuno ku England, masanasana, anthu akuona. Mpaka lero ndikakumbukira nkhope imandiwotcha.

Kunyumba mayi a Tadala anali atandivutitsa kwa nthawi yaitali kuti ndichotse zovala zimene zinasiya kundikwana. Mimba ya ku England mukuidziwa inu, imabwera osagogoda. Mathalauzi onse amene ndinkatchena nawo kale anaikana. Ndiye ndinalongedza zonse m'matumba akuda otayira zinyalala aja, n'kuponya m'galimoto, ulendo wa ku shopu ina ya zachifundo, kumene anthu amasiya zovala zakale kuti zigulitsidwe. Kaunjika amene tinakulira kwathu uja, gwero lake ndi limeneli.

Oadby ndinasankha dala. Ku Braunstone, dera lina la ku Leicester, kapena m'tauni ukhoza kukumana ndi Mmalawi ukutuluka m'shopu yotere, mawa n'kumva kuti uje zamuvuta, wayamba kuvala kaunjika. Ku Oadby n'kwa anthu opeza bwino, oyenda pagalimoto, ndiye ndinati kumeneko palibe angandidziwe.

Nditaima pakhomo la shopuyo n'kutsegula buti, munthu anatuluka kudzalandira katunduyo. Nditadzutsa mutu ndinangoti kakasi.

Ndiwatcha Mayi Nabanda, ngakhale dzina lawo si limeneli. Anandilola kulemba nkhaniyi bola ndibise dzina. Mayi amenewa ndi amene anandilandira nditangofika ku Leicester ndilibe ngakhale bulangete. Ndinagona pa sofa yawo ku Braunstone nyengo yonse yozizira, ndikudya zawo, mpaka nditapeza pogwira. Ndi amsinkhu wa mayi anga ondibereka. Tsono ndi amenewa amene anali ataweramira buti ya galimoto yanga, akufuna kunyamula thumba la mathalauzi anga akutha.

Mukanakhala inu mukanatani? Tonse tinaleredwa chimodzimodzi. Ukaona wamkulu atanyamula katundu, umathamanga kukamulandira. Sufunsa n'komwe, manja amapita okha.

Ndinagwira thumbalo. Iwo anakakamira, ine ndinakoka, ndikuganiza kuti n'kukana kwathu kwa ulemu kuja, kumene pakamwa pamati ayi mtima ukuti eya. Anayesa kundiuza kuti ndiwasiye, koma ine makutu ndinali nditatseka. Ndinawagwira dzanja, kuwalowetsa m'shopu, kuwakhazika pampando wina wogulitsa, n'kuwauza kuti apume kaye. Kenako ndinatuta matumba anga onse. Posakhutira, ndinatutanso mulu wa matumba a anthu ena umene unali pakhomo. Thukuta lili kamukamu, mtima uli mbee, ndikudziona kuti mwana woleredwa bwino ndi ine.

Apa m'pamene anatulukira manijala wa shopuyo, mtsikana wachizungu wooneka wofatsa. Anapeza munthu wake ali phee pampando wogulitsa, kasitomala ndiye akugwira ntchito. Atafunsa chimene chikuchitika, ine ndinayankha Mayi Nabanda asanatsegule pakamwa. Ndinamasula Chingerezi changa chonse chosungira alendo, kumufotokozera kuti kwathu munthu wamkulu chonchi sanyamula katundu pali ana. Ndinaonjezeranso mchere, ndikuti mayiwa maondo amawavuta, ntchito yonyamula siiwayenera.

Mtsikanayo sanakalipe. Anangonena mwaulemu kuti ngati zili choncho, ayenera kudziwitsa amene anawatumiza kuti ntchitoyo sakuitha, ndipo mwina asabwerenso. Atatero analowa kuseri kukatenga foni.

Ndinaona nkhope ya Mayi Nabanda ikugwa. Anandikokera pakona, pakati pa majekete, n'kulankhula motsitsa mawu.

“Bambo a Tadala, ine pano sanandilembe ntchito. Ndili pa pulesimenti, anditumiza a mabenefiti. Uyu akangolipota kuti sindikugwira, andisankishona. Ndidya chiyani? Ulemu wanuwu undigonetsa ndi njala.”

Amene mukuwerenga muli kumudzi, ndikufotokozereni. Kuno ntchito ikakuthera, ngati mapepala ako ali bwino, boma limakupatsa kangachepe, mabenefiti aja, koti uzidyera uku ukufunafuna ina. Koma ukakhalitsa osaipeza, akhoza kukutumiza kukagwira ntchito kwa milungu ingapo, m'shopu ngati iyi kapena yotola zinyalala m'mapaki, popanda malipiro. Imeneyo ndiyo pulesimenti. Amati n'cholinga choti usaiwale kudzuka m'mawa. Ukakana, ukajomba, kapena akakubweza ponena kuti sukugwira, kangachepe kaja amakaimitsa. Kumeneko ndiye kusankishona, ndipo munthu wa msinkhu wa Mayi Nabanda akamva mawu amenewa mtima umagunda ngati wamva uthenga wa maliro.

Mayi Nabanda angaiwale kudzuka m'mawa? Munthu amene zaka zonsezi wakhala akukwera basi yoyamba kupita ku fakitale yopanga masangweji, mpaka pamene fakitaleyo inachepetsa anthu? Makolo athu a ku Thyolo ndi Mulanje ankadziwa thangata, ntchito yogwira osati kuti ulipidwe, koma kuti asakuthamangitse pamalo. Sindikunena kuti n'zofanana ndendende, koma fungo lake si lachilendo m'mphuno mwa Mmalawi. Ngati m'shopu muli ntchito yoti munthu azigwira tsiku lonse, bwanji osangomulemba? Funso limenelo ndilisiyire eni dziko, ali ndi nyumba yawo ya malamulo.

Langa ndi lina, ndipo ndi limene likundiluma. Zinatheka bwanji kuti mayi amenewa akhale miyezi yonseyi opanda ntchito, ine osadziwa kanthu? Timaonana kutchalitchi Lamulungu lililonse. Ndimawapatsa moni ndi manja awiri, nditapinda maondo monga mwa mwambo. Iwo amati ali bwino, ine ndimati ndili bwino, basi tathana, aliyense kwake.

Ife Amalawi a kuno tili ndi matenda obisa. Munthu ntchito inatha kalekale, koma ukamuimbira foni amati ali pa shifiti. Ndipo chifukwa chobisira chilipo, poti pakamwa pathu m'poipa. Pachinkhoswe, pamsonkhano wa maliro, nkhani ya mabenefiti ikangoyamba mumamva mawu ake: aulesi, odya za boma, akutichititsa manyazi m'dziko la eni. Amene tikumunenayo ali pomwepo, akutigawira mpunga m'mbale, akuseka nawo. Angatiuze bwanji kuti ndi iyeyo?

Pambuyo pake Mayi Nabanda anandiuza kuti anakondwa atamva kuti akuwatumiza ku Oadby, ngakhale kuti n'kokwera mabasi awiri, chifukwa ankati kumeneko palibe Mmalawi angawaone. Tsono taganizani. Tonse awiri tinathawira ku Oadby, aliyense ndi manyazi ake, n'kukagundana mitu pabuti ya galimoto. Kusiyana kwake n'kwakuti anga anali manyazi a munthu wokhuta.

Ulemu wathu ndi wabwino, sindikuunyoza. Ndimauphunzitsa Tadala, ngakhale amandiyankha m'Chingerezi. Koma ndaona kuti timangodziwa kulandira katundu wooneka ndi maso, thumba, chidebe, mwana wakumsana. Kulandira thumba n'kosavuta, ndipo anthu amakuona n'kukutamanda. Katundu wa kukalambira m'dziko la eni ulibe ntchito, ukuopa ngakhale kudwala chimfine kuti ungajombe, ameneyo sitimulandira chifukwa sitifunsa. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Phulalo ndinadya ine Lachiwiri lija, koma amene akanapweteka m'mimba ndi wina.

Tibwerere pakati pa majekete paja. Ndinapepesa, n'kunena kuti ndilowe kwa manijala ndikakonze zimene ndawononga. Anakana, nati pakamwa panga pagwira ntchito yokwanira tsiku limenelo. Ndinafunsa kuti nanga nditani.

“Tengani matumba onsewa mubwezere panja pamene munawapeza. Akamatuluka uyu, andione ine ndikunyamula. Inu muime apo, manja kumbuyo.”

Ndinatero. Matumba amene ndinalowetsa ndi matama ndinawatulutsa ndi manyazi, limodzilimodzi, anthu odutsa akudabwa kuti kodi bamboyu akupereka kapena akulanda. Manijala anatuluka foni ili m'manja. Mayi Nabanda anamuuza, akumwetulira, kuti uyu ndi mwana wawo, amangowakonda koma za kuno sazidziwa, ndipo maondo awo ali bwinobwino.

Atatero anawerama pang'onopang'ono n'kunyamula thumba loyamba. Bondo linalira, ndinalimva ndi makutu angawa. Analowa nalo, n'kubwerera lina. Thumba lina linang'ambika, thalauzi langa lakale n'kugwera m'matope. Phazi langa linasuntha lokha. Anangondiyang'ana kamodzi, ine n'kubwerera pamalo panga. Anatola okha, kulikutumula, n'kulipinda bwinobwino. Ine, chimunthu chamimba, ndili chiimire manja kumbuyo, ndikuonerera mayi amene anandidyetsa akututa nsanza zanga. Kukanakhala kwathu, anthu akanandilavulira.

Manijala anayang'ana kwa kanthawi, kenako anaika foni m'jekete n'kulowa mkati. Sanalipote. Mayi Nabanda akukwerabe mabasi awo awiri, ndipo kangachepe kawo sikanaimitsidwe. Chimene chinawapulumutsa si manja anga othamanga aja, koma kuima kwanga ngati chitsa.

Lamulungu likubwerali tikaonana kutchalitchi. Adzafika ndi chidebe chawo cha mpunga monga mwa masiku onse, ndipo ndikudziwa kuti manja angawa adzathamanga kukalandira. Zimenezo ndi zosavuta. Koma ndikadzawafunsa kuti ali bwanji, iwo n'kuyankha kuti ali bwino, ulendo uno sindidzachoka. Ndidzakhala pansi n'kufunsanso kachiwiri.

Nanga inu, wamkulu amene munamulandira chidebe Lamulungu lathali, mukudziwa kumene anapita Lolemba m'mawa?