Kamba wa Chimtsuko

Makina awiri a gemu aja anatibweretsera ndi malume, mlongo wawo wa amayi, amene ankayendetsa magalimoto akale a ku Japan kuwachotsa kudoko kubwera nawo kuno. Anawapeza pansi pa mpando wa galimoto ina, m'kachikwama kansalu, pamodzi ndi chingwe chowalumikizira. Eni ake anali atatsala kutsidya kwa nyanja, malumewo analibe ana, ndiye Loweruka lina anafika kwathu ku Kapata n'kuwatulutsa m'thumba la jekete ngati mabanzi. Ena anapatsa achimwene anga, ena ine. Munali m'zaka zomalizira za m'ma 90, achimwene ali giredi 9, ine ndili giredi 6, ndipo kuyambira tsiku limenelo wotchi ya pakhoma sinakhalenso ndi mabatire sabata yathunthu.

Gemu yake inali ya tizilombo. Umayenda m'tchire, kugwira kachilombo, kukalera mpaka kakule, kenako n'kumakamenyanitsa ndi tinzake. Mukalumikiza chingwe chija, tako timamenyana ndi ta mnzako. Vuto linali lakuti zonse zinalembedwa m'Chijapanizi. Atate, amene ankaphunzitsa Chingerezi ndipo sankavomera msanga kuti chinthu chawakanika, anavala magalasi, anayang'anitsitsa, anazondotsa makinawo, kenako anatibwezera.

"Awa ndi mapazi a nkhuku," anatero, n'kubwerera ku nyuzipepala yawo.

Ife mapazi a nkhukuwo tinawaphunzira mwa njira yathu. Chilembo china chinkaoneka ngati kampando, china ngati mbedza, china ngati nkhope ya munthu akuseka. Kumapeto kwa kope langa la masamu kunali tsamba limene tinkalembapo zimene tatulukira, ndipo tinapangana kuti aliyense akadziwa chatsopano azilemba pamenepo kuti mnzake aone. Kampando ndi mbedza ziwiri, amenewo ndi mankhwala. Nkhope yoseka ikakhala kutsogolo, usadine. Zambiri tinazidziwa titalira kaye.

Patapita miyezi iwiri, achimwene anatulukira kuti kachilombo kalikonse ungathe kukapatsa chinthu choti kanyamule popita kunkhondo. Chimodzi chokha, osati ziwiri. China chinkawonjezera ukali wa moto. China chinkachititsa kuti nthawi zina kachilombo kako kayambe ndiko kumenya ngakhale kali kaulesi. China chinali kachipatso kamene kachilombo kankadya kakavulala kwambiri, n'kutheratu pompo. Achimwene anazitcha zithumwa, koma dzinali linakhala masiku atatu okha. Amayi anakulira pamishoni ndipo anali mlembi wa gulu la amayi kumpingo. Atandimva pakhonde ndikuti achimwene andibwerekeko chithumwa chawo, anatuluka m'khitchini mpeni wa anyezi uli m'manja.

"Wati chiyani iwe?"

"Ndi za m'gemu, amama."

"Kuweta tizilombo m'kabokosi ndakulekererani. Tsopano mwayamba kuveka tizilomboto zithumwa? Odutsa pamsewu aziti m'nyumba ya aphunzitsi mukuchitika chiyani?"

Achimwene pakamwa pawo sipankasowa yankho. "Si zithumwa kwenikweni, amama. Ndi zonyamula paulendo. Monga kamba."

"Ndiye muziti kamba," anatero amayi, n'kubwerera ku anyezi wawo.

Achimwene anasintha pakamwa pokha. Mumtima mwawo zinakhalabe zithumwa, ndipo nthawi zonse ankasankha zopatsa ukali. Koma ine dzinalo linandilowa m'mutu. Kamba ndi chakudya, ndipo kwathu munthu sankapita ngakhale ku Mtenguleni wopanda kanthu kotafuna m'thumba. Ndinkaona ngati nkhanza kutumiza kachilombo kanga kunkhondo ndi njala, ndiye tonse ndinkatipatsa zipatso.

"Iwe ukupita kunkhondo kapena kuchinkhoswe?" ankandifunsa achimwene.

Ngwazi yawo inali chilombo chonga galu wolavula moto, chimene anachitcha Chigalu. Yanga inali chinthu chozungulira, chonenepa, choyenda ngati chakhuta, ndipo ndinachitcha Chimtsuko. Ndinkachikonda, ngakhale sichinkandibwezera chikondicho. Chigalu akalavula moto kawiri, Chimtsuko ankadya chipatso chake, Chigalu n'kulavulanso kawiri, basi nkhani yatha. Pafupifupi chaka chathunthu sindinapambanepo ngakhale kamodzi. Ine mtima wanga ndi wapachala kuyambira kale. Ndinawagendapo achimwene ndi patapata, ndinalumbirapo kuti sindidzaseweranso, mawa lake n'kukhala woyamba kutulutsa chingwe. Chimene chinkandipsetsa mtima kwambiri sikunali kugonjako. Akandigonjetsa ankandisisita kumutu n'kunena mawu amodzi okha: "Ukula."

Mayeso awo a giredi 9 atayandikira, atate anatsekera makina a achimwene m'kabati, ine n'kutsala ndikusewera ndekha. Mu gemumo munali nyumba yodyeramo, ndipo m'bini yake munkapezeka chinthu china cha dzina lalitali. Achimwene anali atachipeza kale m'makina awo n'kuchitaya, amvekere zam'dzala sanyamula. Ine changa ndinasunga, poti ndine mwana wa amayi, amene sankataya ngakhale chitini cha majarini. Tsiku lina ndikufuna kupatsa Chimtsuko chipatso, chala chinaphonya mzere n'kumupatsa chinthu cham'bini chija. Sindinazindikire mpaka nkhondo itayamba. Kachilombo kam'tchire kanamumenya, kamzere ka moyo wake kanatsika, kenako ndinaona kakubwereranso pang'ono. Anamenyedwanso, kanabwereranso. Nkhondo itatha ndinayang'ana, chinthucho chinalipobe, osatha ngati chipatso. Chakudya chotoledwa motsalira, chodya pang'onopang'ono koma n'kukusunga, dzina lake linabwera lokha. Ndinachitcha mkute. Pa tsamba lija sindinalembepo kanthu, ndipo ndikuvomera lero kuti pangano ndinaliphwanya dala.

Zotsatira zitatuluka, achimwene anasankhidwa kupita ku sukulu yogonera komweko, kutali kupitirira Petauke. Atate anayenda tsiku lonse akuimba mluzu. Analola kuti achimwene atenge makina awo, bola azikhala pansi penipeni pa thiranki. Ine ndinawerenga masiku, anatsala asanu ndi limodzi. Ndinadziwa kuti ndikapanda kuwagonjetsa m'masiku amenewo, apita ndi "ukula" wawo uja ndipo ndikhala naye mpaka kalekale. Ndinawauza kuti tsiku loti mawa anyamuka timenyane komaliza, Chigalu ndi Chimtsuko okha, aliyense asankhe kamba mnzake asakuona.

"Ukufuna ndipite ndikuseka?" anafunsa.

"Mungovomera basi."

Masiku asanu ndinakhala ndikusinthasintha maganizo. Ndinali nachonso chinthu chija chochititsa waulesi kuyamba kumenya, ndipo Chimtsuko akayamba ndiye nkhonya yake inali yolemera. Kungoti sichinkagwira ntchito nthawi zonse, chinali cha mwayi. Mkute unali wodalirika koma wochepa, ndipo ndinkaopa kuti moto wa Chigalu umumaliza asanakhute. Ndinkampatsa ichi m'mawa, masana n'kumulanda n'kumpatsa icho. Ndikanatha kumpatsa zonse ziwiri ndikanagona tulo tabwino.

Tsiku la nkhondolo m'mawa amayi ankakonza kamba weniweni wa achimwene. Anakazinga chiwaya, chimanga chouma chija, chodzaza beseni, nsawa zamchere, ndipo ine anandikhazika pamtondo kusinja chiponde. Ndinali wokwiyakwiya, ndiye ndinayamba kupeza zifukwa.

"Amama, achimwene amakonda zitumbuwa ndi nkhuku. Bwanji mukuwapatsa zouma zokhazokha?"

"Nkhuku adya lero pano," anatero amayi osatembenuka. "Kumeneko akakhala miyezi itatu. Zitumbuwa akagawana ndi anzake tsiku loyamba, lachitatu n'kuyamba kulira njala. Ichi azikatapa pang'onopang'ono, anzake zawo zitatha iye akadali nacho. Sinja bwino, muli zibuluma."

Ndinasinja mpaka chiponde chinachita mafuta. Nditasamba m'manja ndinayatsa makina anga, ndinamulanda Chimtsuko chinthu chamwayi chija, n'kumpatsa mkute. Sindinasinthenso.

Tinamenyana masana, mvula itangokata, titakhala pakhonde mofulatirana, chingwe chitadutsa pamapewa pathu. Chigalu anayamba monga mwa masiku onse, ndipo moyo wa Chimtsuko unatsika kwambiri. Chimtsuko anali ndi luso lina limene achimwene ankaliseka, lodzikundikira n'kudzilimbitsa khungu m'malo momenya. Ndinadina limenelo. Kamzere kanabwerera pang'ono. Moto unabweranso, koma sunapweteke ngati poyamba, ndipo ndinadinanso lomwelo. Kachitatu chimodzimodzi. Ndinamva msana wa achimwene ukuwongoka.

"Bwanji sukumenya?"

"Ndikudya kaye."

"Wampatsa chiyani?"

"Kamba."

"Kamba wanji wosatha?"

Ndinangodinanso lomwelo. Kanyali kofiira ka makina anga kanali katayamba kuzilala. Mabatire ake ndinali nditawayanika padzuwa dzulo lake n'kuwaluma m'mbali, koma amenewo ndi mankhwala a kanthawi. Akanatha, achimwene akanati ndathawa. Ndinkadziwa chinthu chimodzi chimene iwo anali asanachiganizirepo, chifukwa nkhondo zawo sizinkatalika: moto wa Chigalu unali ndi malire ake. Analavula, analavula, mpaka unatha, n'kuyamba kungokanda ndi zikhadabo. Zimene ankakandazo mkute unkabweza. Pamenepo ndinayamba kumenya. Chimtsuko anamugwera katatu, ndipo kachitatuko Chigalu anazimiririka pagalasi.

Chaka chonse ndinali ndikusunga mawu achipongwe oti ndidzanene pa tsikuli, koma onse anathawa. Ndinatembenuka, ndinakweza dzanja, ndinawasisita kumutu.

"Mukula, achimwene."

Amayi anaphulika kuseka m'khitchini, kusonyeza kuti gemu imene ankati alibe nayo ntchito ankaimvetsera bwino lomwe. Achimwene anasekanso, anandigwira chanza ngati munthu wamkulu, kenako analowa m'nyumba kukalongedza. Ine ndinatsala pakhonde ndi chingwe pamiyendo, ndikudikira kuti ndiyambe kusangalala. Chisangalalocho chinabwera chochepa kwambiri. Chimene chinabwera chambiri ndi mantha. Chaka chonse, tsiku lililonse ndikaweruka, ndinali ndi munthu wondidikira pakhonde kuti andigonjetse. Ndinaopa kuti akakula kumeneko, adzabwera ali ndi mawu abesi ndi nkhani za anzawo, osakhalanso pansi ndi mwana wa giredi 7. Ndinali nditawagonjetsa, ndipo panalibenso chotsala pakati pathu choti abwerere.

M'mawa mwake tinawaperekeza kokwerera basi, thiranki ili panjinga. Aliyense anawapatsa kanthu. Atate anawapatsa cholembera ndi malangizo aatali, amayi botolo la chiponde lokutidwa m'chitenje, malume polishi wa nsapato. Basi inali isanadzaze, ndipo achimwene anakhala pawindo, makina awo ali m'thumba la malaya ngakhale atate anati akhale m'thiranki. Ndinatulutsa anga ndi chingwe, n'kuwapatsira nsonga imodzi pawindopo.

"Palibe nthawi yomenyana," anatero.

"Si nkhondo. Tisinthane."

Mu gemumo munthu ankatha kutumiza kachilombo kwa mnzake kudzera pachingwe, ndipo kankapita ndi chimene kanyamula. Ndinatumiza kambalame kamene ndinagwira dzulo lake. Iwo ananditumizira kambozi kachabechabe, poti achimwene ndi achimwene basi. Kenako anayang'ana chimene kambalameko kanabweretsa, ndipo ndinaona akuwerenga mapazi a nkhuku aja ndi chala.

"Ichi si cham'bini chija?"

"Dzina lake ndi mkute. Ndi kamba wanu."

Anayang'anitsitsa galasi la makina awo. Kondakitala anali atayamba kumenya basi m'mbali.

"Ukudziwa kuti ndikampatsa Chigalu chimenechi sudzandigonjetsanso?"

"Mubwere mudzaonetse," ndinatero.

Anazula nsonga ya chingwe n'kundiponyera, basi inanyamuka. Amayi anandiyang'ana, anayang'ana chingwe chikulendewera m'manja mwanga, kenako tinauyamba ulendo wobwerera kunyumba.

Anabwera mu Epulo, atatalika, atawonda, mawu atayambadi kukhala abesi. Anapereka moni kwa atate, analandira madzi kwa amayi, ndipo asanavule n'komwe nsapato anakhala pansi pakhonde n'kundifulatira.

"Tenga chingwe," anatero.

Anandigonjetsa katatu kotsatizana, Chigalu akudya mkute wanga pamaso panga. Ndinawagenda ndi patapata monga mwa mwambo, ndipo sindikumbukira tsiku lina limene ndinasangalalapo chotero.