Mayi Anastazia ndi Mpungabwi wa ku Scarborough

"Kodi mudzandiika kuti?" Mayi Anastazia anatifunsa m'chipatala titangomaliza kolona. Ine ndinayang'ana maluwa a pawindo, mwana wawo Darius anayang'ana foni.

Mayiwa anabadwira ku Ntcheu. Ali kamtsikana ankasesa m'tchalitchi asanapite kusukulu, ndipo sukuluyo anailekera panjira kuti alere azing'ono awo. Anafika ku Scarborough, ku Canada, khanda lili kumsana, nayamba ntchito yosambitsa ndi kudyetsa okalamba. Amuna awo, Bambo Lameck, anatsala kumudzi kudikira mapepala. Anamwalira akudikirabe. Mayiwa maliro anawaonera pafoni, m'chipinda chochapira zovala, nthawi yopuma. Lamulungu lotsatira anali pamalo awo m'kwaya.

Mwa okalamba awo munali Mayi Mathilda, a mtundu wa Anishinaabe, eni dziko lino. Tsiku lina akuwakankha panjinga ya odwala m'kathengo ka pansi pa mawaya a magetsi, gogoyo analoza duwa la pepo, lamutu wanyankhalala.

"Potani tsindelo ndi zala. Lili ndi ngodya zinayi? Masamba akhala awiriawiri? Afikiseni, mununkhize."

"Mpungabwi!" anafuula Mayi Anastazia.

Sunali mpungabwi. Kuno amati wild bergamot, ndipo makolo a Mayi Mathilda ankawiritsa masamba ake kumwetsa wodwala chifuwa ndi chimfine. Lamulo linali limodzi: kuthyola pang'ono, osazula.

Kovidi itavuta, achibale analetsedwa kulowa m'nyumba yosungira okalamba. Mayi Mathilda anatsirizika dzanja lawo lili m'manja mwa Mayi Anastazia. Chaka chomwecho mayiwa anafesa njere za duwalo kuseri kwa tchalitchi chathu, ndipo nyengo yozizira iliyonse ankakoleka timatumba ta masamba pazitseko za odwala. Ife a madigiri tinkawaseka.

"Amayi, this is Canada, kuli ma pharmacy!"

"Imwani kaye, mudzaseke bwino mukachira," ankatero. "Mulungu sanaiwale kubzala kuno."

Tinkamwa.

Mayi Anastazia anamwalira mwakachetechete Lachinayi m'mawa, atalandira masakramenti. Madzulo ake akuluakulu anasonkhana m'holo ya parishi. Bambo Boyd, apampando athu, anafotokoza za ndege ya ku Lilongwe, ndi kuti achibale asankha kale malo pafupi ndi manda a Bambo Lameck. Onse anavomera ndi mitu. Pamenepo Darius, amene Chichewa amachimva koma sitinamumvepo akuchilankhula, anaimirira.

"Pepani akuluakulu," anatero. "Amayi sapita. Agona kuno."