Khoma la mayi Nachisale

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza chifukwa cha ndewu. Ndinabwera ku Lilongwe kuchokera kwathu ku Kasiya njala ya 2002 itangotha, sukulu nditaisiyira mu Sitandade 7 chifukwa chokankha mphunzitsi. Ndinkagona kwa msuweni wanga ku Biwi, masana n'kumanyamula katundu wa anthu pa depoti. Tsiku lina ndinagwirana malaya ndi mnyamata mnzanga polimbirana thumba la mbatata, mwini thumbalo n'kupatsa wina. Mkulu wina wa kachipewa koyera amene ankationerera anandikodola.

"Mphamvu uli nazo, koma ukungozimwaza. Umatha kukanda matope?"

Ndinati kwathu ndaumba njerwa kuyambira ndili mwana. Mawa lake ndinayamba udakaboyi, ntchito yokanda matope ndi kuperekera njerwa kwa mmisiri. Mkuluyo anali Che Saidi, womanga nyumba wochokera ku Mangochi, amene anakhala ku Biwi kuyambira nthawi imene likulu linkamangidwa.

Che Saidi sankakonda kumanga zatsopano. Ankakonza nyumba zakale za ku Kawale, Biwi ndi Mchesi: kuboola chitseko, kukweza denga, kuonjezera chipinda. Lamulo lawo linali lakuti khoma usaligwetse usanadziwe zaka zake. Kwathu kumudzi zimenezo sizinali zovuta. Aliyense ankadziwa kuti nyumba ya a Gomani inamangidwa chaka chimene anabadwa mapasa, ya abambo anga inafoleredwa malata chaka chimene fodya anayenda bwino. Koma m'tauni eni ake amamwalira, alendi amalowa n'kutuluka, wokuuza palibe. Ndiye Che Saidi ankafunsa khomalo.

Ankagogoda ndi chogwirira cha mpeni womangira n'kumvetsera. Kenako ankasenda pulasitala pang'ono ndi tchizulo. Njerwa zakale n'zazikulu ndiponso zolemera, ankatero, chifukwa oumba anali asanayambe kuchepetsa zikombole. Pakati pake pamakhala dothi, osati simenti. Malata akale sapindika ndi dzanja. Chipinda chikakhala choonjezera, njerwa zake sizilumana ndi za khoma loyamba, pangodya pamatsika mzere woongoka. Ine zonsezi ndinkaziona ngati kutaya nthawi. Ndinkafuna hamala.

M'chaka cha 2004, mwezi wa Okutobala, tinapeza ntchito ku Kawale. Anatilemba anali a Lufeyo, bambo wa galimoto wokhala ku Area 25. Anati nyumbayo inamangidwa ndi malemu abambo awo, ndipo akufuna tigwetse zipinda ziwiri zakumbuyo kuti pamangidwe mashopu. M'zipindamo munkakhala alamu awo, mayi Nachisale, mkazi wa malemu mng'ono wawo, ndi ana atatu. A Lufeyo anati mayiwo akubwerera kumudzi. Che Saidi anazungulira nyumba yonse, kenako anati tiyamba ndi kusenda pulasitala pangodya pamene zipindazo zakumana ndi nyumba yakutsogolo.

Linali Lachisanu. M'mawa umenewo Che Saidi anandikalipira pamaso pa azimayi a pampopi chifukwa ndinasiya fosholo ndi wilibala zosatsuka, simenti n'kuumirapo. Azimayiwo anaseka. Mtima wanga unatentha mpaka m'makutu. Nthawi itakwana yopita ku mzikiti, anandipatsa tchizulo ndi kahamala kakang'ono.

"Fanuwelo, senda pangodya pokhapa, kuyambira pawindo kutsika. Njerwa usagwetse ndi imodzi yomwe."

Atangochoka, a Lufeyo anatulukira. Anandiyang'ana ndikugogoda pang'onopang'ono.

"Kodi iwe ndiwe womanga kapena ukusenda mbatata? Mdala uja akungokunyamulitsa chikwama chake. Gwetsa khomali lero ndione ngati ndiwe mwamuna. Katundu wa m'katimo anachotsa kale."

Sindinafunse kanthu. Chitseko chinali chokhoma, pawindo panali nsalu, koma sindinasuzumire. Ndinatenga hamala yaikulu yogumulira n'kuyamba pangodya pomwepo. Ndinkamenya ndikuona nkhope ya Che Saidi ndi mano a azimayi aja. Ngodya inagwa, khoma linang'aluka mpaka pawindo n'kugwera m'kati, malata n'kulendewera.

Fumbi litatsika ndinaona bedi. Panali bulangeti lopinda bwino, njerwa zitaliunjikira. Pa msomali panali yunifolomu ya mtsikana, pansi mabuku ndi beseni la mbale zosweka. Sanachotse chilichonse. Hamala inandilemera m'manja.

Mayi Nachisale anabwera akuthamanga kuchokera kumsika kumene ankagulitsa nyemba, chitenje chili m'manja. Sanalire. Anaima pachibowocho n'kuyang'ana m'kati nthawi yaitali. Kenako anatembenukira kwa alamu awo.

"Alamu, simunathe kudikira amalume? Si lero tinagwirizana kuti abwera?"

Apa m'pamene ndinamvetsa. Tsiku lomwelo madzulo achibale amayenera kukumana kuti aweruze za zipindazo. A Lufeyo ankati abambo awo anamanga nyumba yonse nthawi imodzi, choncho yonse ndi ya banja lawo. Mayi Nachisale ankati zipinda zakumbuyo anamanga okha ndi amuna awo. Pepala analibe. Mboni yawo inali ngodya ija, ndipo ine ndinali nditaiphwanya. Akaluza mlanduwo, iwo ndi ana analibe pogona m'tauni muno.

Che Saidi atabwerako anapeza anthu atadzaza. Ndinayembekezera khofi, ndipo ndikanamva bwino akanandimenya. Anangoyang'ana muluwo, n'kuyang'ana ine.

"Tenga piki. Kumba m'mbali mwa maziko, kuyambira pa nyumba yakutsogolo mpaka kuno. Ukaphwanya china, ndikupereka ndekha kupolisi."

Ndinakumba dzuwa likuswa mtengo. Ndili mkati mokumba, amalume a malemu amuna a mayi Nachisale anafika kuchokera ku Nathenje, nkhalamba ya jekete lakuda, pamodzi ndi achibale ena. Anawayalira mphasa pansi pa mtengo wa mango. A Lufeyo anayamba kulongosola kuti khomalo lagwa lokha chifukwa cha ukalamba, popeza linamangidwa kalekale. Anandiyang'ana kuti ndivomereze.

"Ndagwetsa ndine," ndinatero. "Anandituma ndi iwowa. Anati mulibe katundu."

Che Saidi anapempha amalumewo kuti ayandikire dzenjelo. Che Saidiwo anatsikamo n'kupalasa dothi ndi mpeni wawo.

"Bambo, onani kuno kutsogolo. Maziko ndi a miyala yomangidwa ndi dothi. Afika apa, atha. Kuyambira apa ndi konkire, pamwamba pake pali pulasitiki yakuda yotchinga chinyezi. Nthawi ya abambo a awa, kuno ku Kawale sitinkaika zimenezi."

Anatola njerwa imodzi pamulu, ina anaisolola pa khoma lakutsogolo, n'kuziika m'manja mwa nkhalambayo. Ya pamulu inali yaifupi ndi zala ziwiri, ili ndi simenti. Inayo inali ndi dothi lofiira.

"Izi sizinatuluke m'chikombole chimodzi. Pakati pa ziwirizi pali zaka pafupifupi makumi awiri."

Amalumewo anafunsa mayi Nachisale kuti zipindazo anamanga liti.

"Nthawi ya matipate, amalume. Ndinkatunga madzi oumbira njerwa ndili ndi pakati pa Tadala uyu."

Tadala anali ataima pambali pawo atagwira yunifolomu yake yafumbi, mtsikana wa zaka khumi ndi chimodzi. Nthawi ya matipate abambo a a Lufeyo anali atagona kale kumanda, ndipo onse pamphasapo ankadziwa.

A Lufeyo analozera Che Saidi chala. "Paja wakulembani ntchito ndine, mdala."

"Munandilemba kuti ndimange. Zonama sindinaphunzire," anayankha Che Saidi akupukuta mpeni.

Amalume anagamula kuti zipinda zakumbuyo ndi za mayi Nachisale ndi ana awo, za nyumba yakutsogolo akambirana pabanja. A Lufeyo anakwera galimoto osatsanzika. Ntchito yathu inathera pomwepo.

Ndinaganiza kuti nanenso yanga yatha. Ndinayamba kusonkhanitsa zida kuti ndibweze. Che Saidi anandiletsa.

"Ukupita kuti? Khomali limanga ndani?"

Ndinakhala masiku asanu ndi limodzi pakhomopo. Njerwa iliyonse ndinaigoba simenti ndi tchizulo, zathunthu mbali ina, zosweka mbali ina. Che Saidi anachirikiza denga ndi mitengo ya bulugamu, anamanga chingwe, n'kundipatsa mpeni kwa nthawi yoyamba. Mzere ukapotoka ankaugwetsa ndi phazi, ine n'kuyambiranso.  Masiku onsewo mayi Nachisale ndi ana ankapanikizana m'chipinda chimodzi chotsalacho. Ndinawapepesa tsiku loyamba, iwo n'kupitiriza kutola mbale zawo zosweka. Tsiku lomaliza, nditamaliza pulasitala, anabwera n'kugwira khomalo ndi chikhato.

"Achimwene, njerwa izi anaumba ndi amuna anga. Mwachita bwino kubwezera zomwezo. Koma Tadala akanakhala kuti anali m'chipindamo tsiku lija, bwenzi mukupepesa ndani?"

Funso limenelo limandibwererabe mpaka pano. Ndinagwira ntchito ndi Che Saidi zaka zina zinayi, tsopano ndimalemba anyamata anga. Kupsa mtima sikunandithere, ndisaname. Koma munthu akandithamangitsa kuti ndigwetse khoma lero lomwe, ndimayamba ndafunsa kuti linamangidwa liti, analimanga ndani, ndipo kuseri kwake kumagona ndani. Ndikapanda kupeza mayankho atatuwo, hamala imakhala m'wilibala.