Mbale yopindika milomo

Bambo ogulitsa mbale ndi miphika yakale youmba pamanja sakhulupirira pakamwa pa munthu. Ukawabweretsera chikho, amachigogoda ndi chikhadabo atatchera khutu, kenaka n'kuchitembenuza kufunafuna chidindo cha woumba. "Munthu timamuona kumaso," amatero, "koma mphika timauona kumatako." Iwo akati chinthu n'chabodza, nkhani yathera pomwepo.

Tsiku lina mayi wina anawabweretsera mbale yobiriwira, yopindika milomo, imene anaigula pamsika wa katundu wakale. Bambo aja anavala magalasi n'kuyamba kuisisita ngati khanda.

"Mayi, mwatola nkhwangwa ndi mpini womwe," anatero. "Kupindikaku si kulakwitsa ayi, n'kwadala. Taonani chala chake chinatsalira m'dothimu. Manja otere anapita ndi akale. Woumba ameneyu nditamuona, ndikhoza kumugwadira."

Akazi awo, amene ankapukuta mashelefu kumbuyo, anasuzumira n'kuilanda mbale ija.

"Gwadanitu, bambo," anatero. "Ndinaumba ndine, chaka chimene munandikwatira chija. Munati ngakhale galu sangadyeremo, ndiye ndinakapatsa achemwali anga."

Bambo aja anatsokomola, navula magalasi n'kumawapukuta mosalekeza. Mayi wa mbale uja anafunsa mwaulemu ngati aigulabe pa mtengo wa akatswiri.

"Agula," anayankha akazi awo, "ndipo asanenerere. Pansipa ndasesa kale, thalauza silida."

Mbale anagula. Kugwada anagwadanso, koma bondo limodzi lokha, ati linalo lili ndi nyamakazi.