Juzi Yoipa ya Mayi Callista

Akuluakulu a gulu lathu la mapemphero andipempha kuti ndilembe za moyo wa mayi Callista Dzoole, amene tinawaika mwezi watha. Ine sukulu ndinalekera panjira, ndipo ophunzira mumpingo muno alipo ambiri. Koma ophunzirawo ankangovala majuzi a mayiwa. Amene ankakhala nawo khomo loyandikana ku Thamesmead, kuno kudziko la azungu, ndine.

Mayi Callista anabadwira ku Dedza, kumapiri kumene mwezi wa Juni madzi a mumtsuko amaluma mano. Bambo awo anamwalira iwo ali aang'ono, ndipo asisitere a pa misoni anawatenga kuti azithandiza kuchapa. Kumeneko anaphunzira katekisimu ndi kuluka. Singano zawo zoyamba zinali masipoko a njinga. Anazolowera kunena Tikuoneni Maria poyamba mzere uliwonse, ndipo chizolowezicho anafa nacho.

Anakwatiwa ndi a Paterson, mphunzitsi. Zinthu zitavuta kwathu, a Paterson anamva kuti akufunidwa ndi boma, ndipo banjalo linadutsa malire wapansi. Mwana wawo Newton, wa zaka zinayi, anali ndi chikuku, sakanatha kuyenda. Anamusiya kwa a Ivy, mng'ono wa mayi Callista, akuganiza kuti adzamutenga mvula ikatha. Sanamuonenso. Anakhala ku Zambia, kenaka anafika kuno mu 1971, a Paterson n'kumwalira patangopita zaka ziwiri.

Mayiwa ankakolopa m'chipatala ku Woolwich. Loweruka ankagula majuzi akale pamsika, kuwamasula, kuchapa ulusi wake, n'kulukanso atsopano. Munthu wa kwathu akatsika ndege ndi kashati kake, asanafunsidwe n'komwe mtundu wake, ankamuyeza msana ndi zikhatho. Luso lawo linali la zingwe zopota zotsika pachifuwa, zolowana ngati nsungwi za dengu. Ngakhale azimayi achizungu ankawaimitsa mubasi kuti aone.

Mu 1974 analukira Newton juzi ya ubweya weniweni, yoyera ngati mkaka, zingwe zake zokongola kuposa zonse zimene ndinaonapo. Analukanso magolovesi a kuno aja okhala ndi chala chachikulu chokha, ofiira, a timaluwa toyera. Masiku amenewo kulandira kanthu kuchokera kwa othawa unali mlandu. Ndinawauza.

"Mayi, katundu alibe pakamwa, koma womunyamula ali napo."

"A Flywell, inu mumakayikira ndi mthunzi wanu womwe," anatero akuseka. "Ku Dedza kukuzizira."

Anapatsira Levy, mnyamata amene ankaphunzira ku Greenwich ndipo ankapita kwathu patchuthi popanda womufunsa. Katundu anafika. Newton anavala juzi ndi magolovesi omwe, n'kupita kusukulu. Mudzi wonse unali usanaonepo mwana atavala zotero m'manja. Anyamata a chipani anafika pakhomo pa a Ivy kudzafunsa sitolo imene imagulitsa zimenezo. Amuna a a Ivy, a Killian, anatengedwa, ndipo anatuluka patapita zaka zitatu akukhosomola magazi. Mwanayo anamuchotsa sukulu kwa kanthawi, juziyo n'kuiotcha pamaso pake.

Tonse tinati woulula ndi Levy. Ine ndimaterobe. Atabwerera kuno, pamapemphero palibe amene ankakhala naye benchi imodzi. Koma chisanu chitayamba tinamuona atavala magolovesi atsopano, obiriwira ndi akuda, ndipo dzanja limene linawaluka tonse tinalidziwa. Ndinapita kukagogoda.

"Mayi, mukufunditsa njoka."

Sanakweze maso pa singano. "Levy sanaulule kanthu. Zaulula ndi zingwe zanga. Juzi yosalala ikanamufunditsa chimodzimodzi. Koma ine ndinafuna kuti Dedza yonse ione kuti mwanayo ali ndi mayi wodziwa kuluka. Ndiye yaonadi."

Kuyambira pamenepo sanatumizenso kanthu kwathu, ngakhale moni. Lachisanu lililonse ankasala chakudya chifukwa cha a Killian. Kuluka sanasiye. Ana obadwira kuno, amene ukawalankhula Chichewa amakuyankha m'Chizungu, onse anabatizidwa atavala zoluka zawo. Ena mwa makolo awo ankawanena kumbali kuti anamangitsa mlamu wawo chifukwa cha matama. Ndi omwewo amene analira mokweza pamaliro. Mayiwa ankamva miseche yonseyo, ndipo Lamulungu ankabwera ndi kajuzi kena ka mwana wa wonenayo.

Mu 1986 anayamba kudwala m'mimba, adokotala n'kunena kuti ndi khansa. Tsiku lina masana anandiitana. Ndinawapeza ndi ulusi wotchipa wa pulasitiki, wofiirira, wonga umene umagulitsidwa m'magolosale a kwathu.

"Imani apo, tambasulani manja. Bambo ake a Newton anali a msinkhu wanu, ndiye nayenso mwina ndi choncho. Mimba yokhayo ndichotserako."

"Mukufuna mumangitsenso ndani?"

"Khalani chete, mundisokoneza pemphero."

Ndinkapitako kawirikawiri kukawagwirira ulusi, ndipo zimene ndinaona zinandiwawa. Mayi amene ankamasula mkono wathunthu chifukwa cha diso limodzi la ulusi lokhota, tsopano ankakhotetsa dala. Zingwe panalibe. Khosi linali lopendekeka, mkono wina wotalikirapo, pamapewa mfundo zoonekera. Nthawi zina zala zawo zinkaiwala n'kuluka bwino, iwo n'kumasula kuti aipitse.

"Kuipitsa n'kovuta, a Flywell," anandiuza. "Asisitere sanatiphunzitse."

Juziyo itatha anaichapa kangapo, n'kuikwecha pa simenti ya pakhonde kuti ioneke yakale. Kenaka anaitanitsa Levy, amene tsopano anali pantchito ndipo ankapitabe kwathu. Ndinakana kumupatsa dzanja. Iwo anamuuza pamaso panga: "Ukapatse a Ivy. Akanene kuti agula pamsika. Newton asadziwe, chifukwa munthu akadziwa amasamala chovala, ndipo anthu amaona kasamalidwe."

Levy anabwerako mayiwa ali m'chipatala chomwe ankakolopa chija. Ndinalipo pamene ankawafotokozera. Anati Newton ndi bambo wa ana awiri, amalima mbatata ya kachewere, ndipo juziyo amavala m'mawa popita kudimba.

"Anati bwanji ataiona?"

Levy anazengereza. "Anaseka, mayi. Anati amene analuka ameneyu ayenera kuti anali ataledzera."

Mayi Callista anaseka mpaka namwino anasuzumira. "Palibe anamufunsa kanthu?"

"Palibe."

"Ikumukwana?"

"Mkono umodzi amapinda."

"Basi," anatero. "Akufunda."

Mawa lake analandira mafuta oyera. Anapempha kuti singano zawo zikaperekedwe kwa atsikana a kwaya, ngakhale sindikhulupirira kuti alipo amene adzazigwire. Anamwalira masana, mwakachetechete, korona ili m'manja.

Pa nkhani yokhululuka, ine sindinafike pamene iwo anafika. Levy sindimupatsabe moni, ndipo sindidziwa ngati zonse anafotokoza zija zinali zoona, kapena anangofuna kutonthoza wodwala. Mayiwa anamukhulupirira, ndipo anafa mumtendere umene ine ndilibe. Akulu andiuza kuti nditsirize ndi chitsanzo chimene atisiyira. Ndi ichi. Ife timakonda kupatsa kuti wolandirayo adziwe dzina lathu. Mayi Callista, amene sanali kudzitama ndi china chilichonse koma manja awo, anachotsa dzina lawo pa mphatso yotsiriza kuti mwana wawo agone kunyumba kwake. Lero ku Dedza kuli munthu amene amaganiza kuti mayi ake anamuiwala, ndipo kalata ino sindingamutumizire.

Ambuye awapatse mpumulo wosatha.