Tsiku Limodzi la Amalume ku Landani

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi, zisanu ndi chimodzi pamene mzinda wa Landani unandifika m'khosi, chonsecho ndisanaupondeko n'kamodzi komwe. Amene ananditopetsa nawo ndi amalume anga, a Zakeyo, mlongo wawo wa amayi.

Nkhondo ya Azungu itatha, amalume anali m'gulu la asilikali ochepa amene anawakweza sitima ya pamadzi kuti akagube ku Mangalande. Atatha kuguba anawapatsa tsiku limodzi loti aone mzinda. Limodzi lokha, abale anga! Koma tsikulo litafika kwathu ku Madzimoyo linakana kulowa dzuwa. Abwere mlaliki, abwere wogula nkhuku, ngakhale munthu wongopempha madzi akumwa, amalume ankamukhazika pakhonde n'kumuyendetsa mu Landani mpaka nkhuku zitayamba kulowa m'khola.

Anabwerako ndi makhadi khumi a zithunzi. Popeza ine ndinali pa tchuthi kuchokera ku sekondale, ndipo ndinkawerenga Chizungu cholembedwa kunsi kwa chithunzi chilichonse, anandisankha kukhala wonyamula makhadi. Iwo ankaima njo ngati ali pa perete, maso ali pa mlendo, ine kumbuyo kwawo. Akati, "Nambala wani!" ine ndinkakweza nsanja ya wotchi pamwamba pa phewa lawo. "Nambala thuu!" mlatho wotseguka pakati. Sankacheuka konse, poti msilikali sayang'ana m'mbuyo.

Choipa koposa chinali lamulo lawo. Wina akangowadula mawu, kaya ndi funso, kaya ndi chifuwa, ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Mwandisokoneza. Tibwerere pa sitima." Basi ulendo wonse n'kuyambiranso, mafunde, kusanza, nyemba za m'chitini. Tsiku lina tinabwerera pa sitima katatu chifukwa cha mbuzi imene inalowa m'khitchini. Anzanga ankamenya mpira ku Fort Jameson, imene lero mukuitcha Chipata, ine mikono ili m'mwamba ngati wogwidwa kuba.

Nthawi imeneyo amalume ankafunsira mbeta ya ku Mwami, dzina lake Esinala. Mtsikanayo anali atalola, koma mawu omaliza anali ndi amalume ake, a Lungu, mkulu wouma mtima amene anakalambira m'migodi ya ku Joni. Iwo ankanena poyera kuti asilikali anabwera ndi zinthu ziwiri, jasi ndi bodza. Anatumiza uthenga woti ankhoswe athu asanyamuke kaye, abwera okha adzamuone munthuyo. Akakana iwo, ukwati wathera pomwepo.

Masiku atatu athunthu amalume anandiyeseza kukweza makhadi, ati ndinkachedwa pa nambala seveni. Tsiku lachitatu ndinakumbukira kalendala yakale imene anandipatsa mwenye wa sitolo ina m'tauni, yokhala ndi zithunzi za pa famu. Ndinadula ziwiri mofanana ndi makhadi aja, n'kuzimata pa katoni ndi phala la chinangwa. Makhadi awiri enieni ndinawabisa, m'malo mwake n'kuikamo angawo. Musandifunse ngati ndinaganizako za Esinala. Sindinaganize. Ndinkangofuna kuona chimene chidzachitike.

A Lungu anafika masana, mphepo ya mu Ogasiti ikuulutsa fumbi pabwalo. Anakhala pa mpando wa ndalema, ndodo ili pakati pa miyendo, amayi ali pamphasa chapatali. Atalonjerana, amalume anavala jasi lawo la nkhondo, nyota zikung'anima, ndipo tinakwera sitima.

Wotchi inadutsa bwino, mlatho nawonso. Kenaka anati, "Nambala fili! Uyu ndi msilikali wolondera pa chipata cha mfumu. Taonani ubweya wa kumutuko, kufika m'maso! Mungamuseke, mungamutukwane, sayankha. Amangoima choncho tsiku lonse."

Ine ndinakweza nkhosa yamphongo, yonenepa, yoyang'ana mwaulemu ndithu.

A Lungu anaweramira kutsogolo, n'kutsinzina diso limodzi. "Ndi nyanga zomwe, bambo?"

"Mwandisokoneza, akuluakulu," anatero amalume osacheuka. "Tibwerere pa sitima."

Ha! Msampha wanga unayamba wandigwira ine ndemwe. Ndinaimanso pamenepo kumvera mafunde ndi nyemba za m'chitini, nseko itandimanga m'mimba, amayi akundiponyera diso loti ndikakupeza udziwanso. Koma sakanatha kulankhula, poopa kutibwezanso pa sitima. Nkhosa inadutsa kachiwiri. Ndiye inafika nambala folo.

"Iyi ndi nyumba ya mfumu ya ku Mangalande. Muno ndimo imagona ndi banja lake lonse. Mazenera ake simungawerenge."

Ndinakweza chigafa cha fodya, masamba ali lendelende.

A Lungu anadzuka pang'onopang'ono, n'kukutumula fumbi pa thalauza lawo. "Mayi," anatero kwa amayi anga, "zikomo chifukwa cha mpando. Zigafa ndaziona zambiri pobwera kuno, sindinalipe sitima. Mwana wa mlongo wanga sangakwatiwe ndi munthu woti nkhosa akuti msilikali."

Pamenepo amalume anacheuka, koyamba chiyambire ntchito yathu ija. Anayang'ana chigafa, anayang'ana ine. Nseko yonse inauma. Ndinayembekeza khofi, koma sanandikhudze. Anavula jasi, n'kukhala pansi pakhonde, chinthu chimene sankachita akamanena za Landani.

"Achemwali," anatero, "tanditengerani nsapato zija pansi pa bedi. Akuluakulu, khalani pang'ono. Mukamva, muzipita."

Amayi anabweretsa nsapato zachisilikali zakuda, zolimba ngati chikumba chouma. Amalume anaziika patsogolo pa a Lungu.

"Izi anatipatsa zatsopano kuti tigubire. Zanga zinandithina, koma msilikali sadandaula. Tsiku loona mzinda mapazi anali matuza okhaokha, mvula ikuwaza, sajeni akuthamanga patsogolo. Pa mphambano ina panadutsa mabasi osanjikizana aja, ndipo atatha kudutsa anzanga kunalibe. Wotchi imeneyo sindinaione, ndinangoimva ikulira kutali. Nyumba ya mfumu sindinafikeko. Ndinaona nyumba zogumuka ndi mabomba, udzu utamera m'zipinda. Nditalephera kuyenda ndinakhala pa khomo lina n'kuvula nsapato, masokosi atamatirira magazi."

Anaima kaye, koma palibe anatsokomola.

"Chitseko chinatseguka, panatuluka mayi wachizungu wokalamba, ndowa ili m'manja. Ndinadzambatuka kuti ndithawe, monga tichitira kuno. Iye anandigwira mkono n'kundilowetsa pa khomo la kumaso. Anabweretsa beseni la madzi ofunda a mchere, anagwada pansi, n'kundisambitsa mapazi awa. Anandipatsa tiyi wopanda shuga, poti shuga kunalibe. Pa khoma panali chithunzi cha mnyamata wovala ngati ine. Anachiloza, n'kupukusa mutu. Landani wanga ndi ameneyo. Dzuwa litapendeka wapolisi anandiperekeza ku siteshoni, ndipo makhadiwa ndinagula kumeneko. Mawu ake ndinatola kwa anzanga pa sitima pobwerera."

"Nanga bwanji simunanene zimenezi poyamba?" anafunsa a Lungu.

"Kuno? Kumene nyama timagulira pa windo, osaloledwa kulowa m'sitolo ya Mzungu? Ndikanati dona anandigwadira, ndani akanandikhulupirira? Za mfumu ndiye anthu amakhulupirira."

A Lungu anatenga nsapato imodzi, analowetsamo dzanja, kenaka anati, "Tandionetsani mapaziwo." Anayang'anitsitsa zipsera za ku zidendene nthawi yaitali. "Nsapato zanga zoyamba za mumgodi zinandidya pomwepa. Wabodza amanama za nyumba za mafumu, sanama za matuza." Anakhalanso pa mpando. "Ankhoswe anu abwere Loweruka. Koma kamwana aka, ngati ndiye maphunziro a sekondale amenewa, mukakonze."

Anandikonzadi. M'mawa mwake amalume anandipatsa kalata yoti ndikaponye ku positi ku Fort Jameson, ndipo anandiveka nsapato zomwe zija, n'kumanga zingwe ndi manja awo. Anamanga mfundo yachisilikali imene ine sindikanatha kuibwezera ndikanaimasula.

"Ukaone mzinda, Filimoni," anatero. "Ukabwera udzatisimbire."

Mitunda yonse ija ndinayenda ngati ndaponda makala. M'tauni sindinaone kanthu, ngakhale anzanga a mpira ndinawadutsa osawazindikira, maso ali pa mapazi. Pobwerera ndinkatukwana fumbi, dzuwa, mwenye wa kalendala, ndi mfumu ya ku Mangalande yomwe. Nditafika, amayi anandiikira beseni la madzi a mchere, koma iwo sanagwade, anangolikankha ndi phazi.

"Waonako chiyani ku tauni?" anafunsa amalume.

"Palibe, amalume."

"Ehe. Tsopano wafika ku Landani."

Ukwati unachitika mvula isanagwe. Anthu ena mpaka lero amafuna ndinene kuti ndinalapa. Ndilapirenji? Popanda nkhosa yanga a Lungu akanamvera makhadi onse khumi, n'kunyamuka ali ndi maganizo awo omwe aja, ndipo azakhali anga a Esinala akanakwatiwa ndi kalaliki wina wa ku Mwami. Chimene chinandipweteka ndi ichi: phindu langa linali lotani? Kuyambira pamenepo nkhani inasanduka ziwiri. Mlendo aliyense ankayamba wamva Landani wa makhadi, ine ndili chiimire kumbuyo, kenaka Landani wa beseni, ndipo pomaliza amalume ankandiuza ndikweze nkhosa kuti anthu aone mtundu wa mwana amene mlongo wawo anabala. Lamulo la sitima silinasinthe.

Lero ndakalamba, ndipo chimene ndikumvetsa n'chakuti amalume sankabisa kuti anasochera. Ankabisa chinthu chokhacho chabwino chimene chinawachitikira tsiku lija, poopa kuti tichiseka. Anasankha kutitopetsa ndi nyumba ya mfumu kusiyana n'kuti wina anene kuti mayi uja kunalibe. Munthu akamabwereza nkhani imodzimodzi osalola funso, kawirikawiri pamakhala ina imene waikhalira.

Makhadi asanu ndi atatu anadyedwa ndi chiswe, awiri ndinabisa aja sindikudziwa kumene anathera. Yatsala ndi nkhosa yokha, ili m'Baibulo langa. Adzukulu anga amati nkhaniyi ndainena kokwanira, ndipo ndimaona akutsinana ndikafika pa nambala fili. Atsinane. Koma wina angoyerekeza kutsokomola, tibwerera pa sitima.