Tsiku limene bambo anatchedwa wakuba pa dirafuti

Bambo atapuma ntchito yothyola tiyi kuesiteti, chimene chinawatsalira chinali dirafuti basi. Masana aliwonse ankapita kumsika wa Milonde, pakhonde la mnzawo, telala wachisilamu. Bolodi lake linali katoni yojambulidwa ndi makala, ndipo ankasewerera zotsekera mabotolo. Za bambo zinkakhala zogadama, za atelala zovundikira.

Ine ndinali nditaona kuti maso awo ayamba kuchita chifunga, koma ukangotchula zachipatala, eee, nkhondo! "Ndikuona bwinobwino, iwe," ankatero uku akupapasa chitseko.

Tsiku lina lamsika, anthu atadzaza pakhondepo, bambo anatenga chotsekera cha atelala n'kudyera nacho zinzake ziwiri. Wina anakuwa kuti, "Madala ayamba kuba!" Anthu anafa nacho chiseko. Bambo anangodzuka n'kubwera kunyumba. Analolera kutchedwa wakuba kusiyana n'kuvomera kuti sakuona. Amuna inu, ndithu!

Anasiyiratu kupitako. Ankangokhala pakhonde duu, ndipo chakudya chinkabwerera m'mbale. Ndinachita mantha, chifukwa munthu ankatha ndikumuona.

Mtima wanga ndi wapachala, sindibisa. Ndinapita kwa atelala n'kuwakalipira pamakina pomwepo. "Mnzanu akusekedwa, inu muli chete? Chinansi chanji chimenechi?" Iwo anangodula ulusi ndi mano n'kupitiriza kusoka. Ndinabwerera ndikutukwana chamumtima.

M'mawa mwake ndinangoona atelala atulukira, katoni kukhwapa. Anakhala pamkeka n'kuyamba kuyala zotsekera zija, bambo atayang'ana kumbali.

"Achimwene," anatero atelala, "mwakwiyira chiyani? Mwakhala mukusewera ndi zanga chiyambire dzinja. Ndinadandaulapo ine?"

"Munkadziwa?"

"Nanga ine ndi mwana? Ndinkangozibwezera mwakachetechete. Tsiku lija anthu anachuluka, ndinachedwa."

Anagwira dzanja la bambo n'kuliyendetsa pabolodi, kuti chala chimve mano a zogadama ndi msana wosalala wa zovundikira. "Lamulo loti chimene wagwira uyendetse chomwecho latha lero. Papasani zonse mmene mungafunire."

Bambo anapapasa mzere wawo wonse, pang'onopang'ono. Ine manyazi ndi chisoni zinandigwira, ndinangoima pakhomo ngati mlendo. Kenako bambo anandiitana osatembenuka.

"Mwanawe, sindikuona. Mawa undiperekeze kuchipatala."